Njanji M'kati mwa Bokosi la Makalata

A Reino Karvonen anayala zidutswa za bokosi latsopano la makalata patebulo la kukhitchini, pakati pa kapu ya khofi ndi buledi wotsekemera amene akazi awo, a Lorraine, anaphika dzulo lake. Linali bokosi lapulasitiki lobiriwira, la mtundu uja umabwera m'katoni uli mbali ndi mbali: denga palokha, zitseko pazokha, kambendera kofiira m'kathumba, ndi chimwendo chachitali chobowoka m'kati chimene chimavekedwa pamtengo ngati sokosi. Kapepala ka malangizo anakakankhira kumbali osakayang'ana. Munthu amene anakalambira mumgodi akuwotcherera zitsulo sangaphunzitsidwe ndi kapepala kumanga chidole cha pulasitiki.

"Limeneli ndi lachingati kodi?" anafunsa a Lorraine, ali pampando wawo wa pafupi ndi mbaula, miyendo itasanjikidwa pakampando kena.

"Ndinasiya kuwerenga. Mukamufunse Gordy wanuyo. Ndiye amasunga mitu ya amene wapha."

Nyumba ya a Karvonen ili pokhotera msewu wa Salo, kumpoto kwenikweni kwa Michigan, kumene chipale chofewa chikayamba kugwa mu Novembala chimachita kuiwala kwawo. Chigalimoto cha boma chokankha chipale chimachokera kumtunda, kugalaja yake, n'kudutsa pakhomo pawo potsikira kumsewu waukulu wopita m'tauni. Woyendetsa wake zaka zonsezi anali Gordy Beaudry, mwamuna wa ndevu zofiira, wosachedwa kuseka. Ndipo nyengo yozizira iliyonse bokosi la a Reino linkapezeka litagona chagada m'ngalande, kukamwa kuli yasa, makalata atanyowa.

Mabokosi a anthu ena ankagwanso, eni ake n'kuwadzutsa, n'kutukwana pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma a Reino sankakhulupirira zangozi. Kalekale Gordy ali mnyamata ankazungulirazungulira mwana wawo Jodi, iwo n'kumupirikitsa pakhomo ndi fosholo m'manja. Jodi anakwatiwa kwina, Gordy anakwatira kwina, onse anaiwala. Amene anatsala akukumbukira anali wopirikitsayo. Ndipo chimene chinkawapsetsa mtima koposa n'chakuti Gordy akamadutsa ankakweza dzanja kuwapatsa moni.

"Mwana uja alibe nanu chifukwa," anatero a Lorraine. "Ndakuuzani kangati? Amadutsa chapafupi kuti atichotsere mulu wa chipale pakhomo, galimoto izitha kutuluka masiku anga a kuchipatala. Mumsewu muno sachitira wina aliyense. Inu bokosi mumalizika pamphuno pa msewu. Tangolibwezani kuno pang'ono, muone ngati lidzagwenso."

"Ndibwerere m'mbuyo ine? Bambo anga anazika bokosi pamenepo Gordy asanaganiziridwe n'komwe. Akafuna asunthe msewu."

"Mutu umenewu, Reino, akanaupeza a kumgodi bwenzi akuswera miyala."

A Reino anaseka ndi mphuno, n'kupitiriza kulumikiza denga ndi thupi la bokosi. Manja awo anali akadali anzeru. Zitseko zinalowa m'malo mwake ndi kaphokoso kokoma, kambendera kanakwera ndi kutsika mosavuta. Atamaliza anakankhira bokosilo kwa akazi awo pamodzi ndi zilembo zomata, chifukwa ntchito yolemba maina inali ya a Lorraine chiyambire ukwati wawo. Mayiwo anamata pang'onopang'ono, zala zili zotupa: REINO NDI LORRAINE KARVONEN.

Impso za a Lorraine zinali zitasiya ntchito. Katatu pa sabata ankayenera kukafika m'tauni kuti makina akawasefere magazi, ndipo kuphonya ulendo umodzi kunali kuseweretsa moyo. Nkhani imeneyi ndi imene inkadanitsa a Reino ndi mwana wawo. Jodi anali atakonza kale chipinda kunyumba kwake, pafupi ndi chipatala, ndipo akabwera sankapsatira mawu.

"Adadi, msewu uno ukadzatsekeka tsiku la amami mudzatani? Mudzawabereka kumsana?"

"Amako ndinawalowetsa m'nyumba muno ali mtsikana. Adzatulukamo ine nditafa. Chipale chimenechi sichinayambe chaka chino."

A Lorraine nawo ankaikira kumbuyo amuna awo. Ankakonda zenera lawo loyang'ana kumitengo ya paini, ndi mbalame zimene ankazithirira mbewu, ndi fungo la utsi wa m'kanyumba ka sauna, kosambiramo ndi nthunzi, Loweruka madzulo. "Msewu ukamatseguka, ine ndili pano," ankatero. Jodi ankangopukusa mutu n'kunyamuka. A Reino ankadziwa bwino lomwe kuti akazi awo ali m'nyumbamo chifukwa cha mawu amenewo, ndipo mumtima mwawo, ngakhale sakanavomera pamaso pa munthu, ankaopa nyumba yopanda Lorraine kuposa imfa.

Tsiku lozika bokosi analisankha dala. Linali tsiku limene Jodi anabwera kudzatenga amake kupita nawo kuchipatala, kumapeto kwa Okutobala, nthaka isanaume ndi chisanu. Galimoto ya Jodi itangokhota, a Reino analowa m'shedi. Mtengo wofewa umene wa kusitolo anawagulitsa pamodzi ndi bokosi anaudumpha. Anapita kumapeto, kuseri kwa matayala akale, n'kukoka chidutswa cha njanji chimene anachoka nacho kumgodi chaka chimene unatsekedwa. Inali njanji yaing'ono, ya ngolo za pansi pa nthaka, koma kulemera kwake ndi kwa munthu wamkulu. Anayesa kuilowetsa m'chimwendo cha pulasitiki chija. Inalowa ngati anachita kupimira.

Ali m'kati mokumba, mnzawo wa paubwana Waino Mattila anaimitsa galimoto yake pambali, n'kutsitsa galasi.

"Ukukumba manda a ndani, Karvonen?"

"A ulesi wako. Tsika undigwirire kuno."

Waino anatsika akutsimphina, n'kusuzumira m'dzenje limene linali litafika kale m'chiuno. Anaona matumba a simenti. Anaona njanji, ndi zitsulo zopingasa zimene a Reino anawotcherera kunsi kwake kuti igwire nthaka ngati mizu.

"Ichi ndiye chiyani? Ukufuna sitima izidzakutulira makalata?"

"Ndikufuna Gordy adziwe kuti si bokosi lililonse limene lili lofewa."

Waino anasiya kuseka. "Iwe, usachite ngati wabwera dzulo kuno. Mtengo wa bokosi timaika wofewa dala. Chikagunda chinthu, uthyoke mtengo, munthu apulumuke. Ndi mmene timachitira tonse, ndipo ukudziwa."

"Wosagunda bokosi langa alibe choopa."

"Nanga akaterereka wina wosalakwa? Pano ndi pokhota."

"Akaphunzire kuyendetsa."

"Lorraine akudziwa zimenezi?"

"Lorraine ali ndi matenda ake, usamuwonjezere ena. Ndipo ukangotsegula pakamwa pakopo, m'sauna yanga usadzapondemonso."

"Sauna yakoyo imatentha ngati mtima wa apongozi, sindingailire," anatero Waino. "Koma dzanja langa pachitsulo ichi sililowapo. Utchere wekha msampha wako."

Anakwera galimoto n'kumapita. A Reino analavula malovu m'manja, n'kulimbana ndi njanji ija okha, akuikoka ndi unyolo, akubuula, mpaka inaima chilili m'dzenje. Anasakaniza simenti mu wilibala, thumba ndi thumba, n'kukhuthulira momwemo mpaka pakamwa. Atayang'ana pamene panali mtengo wakale anaona kuti dzenje latsopano lasendera kumsewu pang'ono, ndipo sanadandaule. Simenti itagwira anaveka chimwendo cha pulasitiki pamwamba pa njanji, n'kumangirira bokosi, n'kufotsera dothi ndi masamba. Pamene a Lorraine ankabwera madzulo, otopa, nkhope ili mbuu, anapeza kabokosi kobiriwira kataima mwaulemu, kooneka kosalakwa.

"Lakongola," anatero. "Koma mwalizika pomwe paja."

"Pomwe paja," anavomera a Reino.

Chipale choyamba chinagwa pa nthawi yosaka agwape. A Reino anasiya khofi n'kukaima pazenera atangomva kulira kwa chigalimoto kumtunda. Chinadza ndi nyali zake zachikasu, chikhasu chakutsogolo chikuponya chipale kumbali. Mtsinje wa chipale unamenya bokosi, pulasitiki inanjenjemera, koma bokosi linaima nji. Gordy anakweza dzanja monga mwa masiku onse. Ulendo uno a Reino anakwezanso lawo, mano onse ali pamtunda.

"Mwayamba liti kupatsa moni Gordy?" anadabwa a Lorraine.

"Munthu amasintha."

Disembala yense anatha choncho. Bokosi la Waino linagwa, la kutchalitchi linagwa, la a Karvonen lili chiimire. Kumalo omwera khofi m'tauni a Reino ankayenda chifuwa chili patsogolo. Wina akafunsa chinsinsi ankangoti, "Pulasitiki ya masiku ano." Waino ankayang'ana m'kapu mwake. Komabe pansi pa mtima a Reino sanakhutire. Chipale chokha ndicho chinkagunda bokosi. Chitsulo cha Gordy chinali chisanalawe chimene anachikonzera.

Mkuntho weniweni unabwera pakati pa Januwale. Mphepo inachokera kunyanja, yolira ngati ili ndi maliro, ndipo chipale chinkagwa chopingasa moti shedi sinkaoneka uli pakhonde. Aboma anatseka misewu. Tsiku la a Lorraine la kuchipatala linafika n'kudutsa iwo ali pampando, akuyang'ana zenera loyera. Mawa lake mphepo sinaleke. Miyendo inatupa mpaka masilipasi anakana kulowa. Kugona chagada kunayamba kuvuta, ndipo polankhula ankapumira pakati pa mawu. A Reino ankasonkha moto, kuphika tiyi amene mayiwo sankaloledwa kumwa wambiri, n'kumazungulira m'nyumba akutukwana mitambo. Jodi ankaimba foni kawirikawiri, ndipo mawu ake anali atasiya kukalipa, anali a munthu wamantha.

Kunja kutacha tsiku lotsatira mphepo inali itagona. Dziko lonse linali mbee, losalala, mpanda osaoneka, ngalande osaoneka. Kumsewu, pamene panali bokosi, panali chimulu chachikulu chimene mphepo inaunjika pokhota paja. Ngakhale kambendera kofiira sikankaoneka.

Foni inalira. A Lorraine anali nayo pafupi, koma zala zinali zitatupa, choncho anatsegula kuti mawu amveke m'chipinda monse.

"Mayi Karvonen, ndine Gordy. Jodi wandiuza. Andituma kwina, koma ndawauza kuti ndiyambira msewu wa Salo, akafuna andichotse ntchito madzulo. Valani zofunda. Ndikafika pakhomo panu nditsitsa phiko ndikuchotsereni mulu wonse, kenako bambo angonditsata pambuyo mpaka kumsewu waukulu. Mwamva, bambo Karvonen? Muli pomwepo?"

A Reino anali pomwepo, chipewa chili m'manja. Phiko ankalidziwa: chikhasu chachiwiri cha m'mbali, chachitali, chimene chimatambasuka kukankha milu ya m'mphepete mwa msewu. Ankadziwanso chimene chinali m'kati mwa mulu uja. Mawu anafika mpaka pakhosi. Anali mawu ochepa, oti mwana angawanene: samala pabokosi, muli chitsulo. Koma kuwanena kunali kuvula chipewa pamaso pa Gordy Beaudry, akazi awo akumva. Anadziuza kuti Gordy wayenda msewu umenewu zaka zambiri, akudziwa pamene pali bokosi, ngati ndi munthu wabwino monga amanenera, alilambalala.

"Ndamva," anatero. "Usachedwe."

Anatuluka kukalitsa galimoto kuti itenthe, n'kuyamba kufosholera kanjira kochokera kugalaja. Sipanapite nthawi, kumtunda kunamveka kulira kwa injini. Nyali zachikasu zinatulukira pakati pa mitengo. A Reino anaimika fosholo n'kutsamira chigwiriro chake. Anaona phiko likutsika, likutambasuka, likuluma mulu wa pokhota. Nthawi yothamangira kumsewu akukupiza manja inalipo, ngakhale yochepa. Mapazi awo sanasunthe.

Phokoso lake linamveka mpaka kwa Waino. Chitsulo chinakumana ndi chitsulo, ndipo cha mumgodi sichinagonje. Phiko linapindikira kumbuyo, unyolo wake unaduka n'kukwapula galasi, chigalimoto chonse chinazungulira pa msewu woterera ngati chakokedwa mchira. Matayala akumbuyo anatsetserekera m'ngalande, mutu unatsala pamsewu, thupi lonse litapingasa pakhomo pa a Karvonen. Zidutswa zobiriwira za pulasitiki zinagwa pang'onopang'ono pachipale. Injini inatsokomola n'kuzima.

Tisabise, mtima wa a Reino unadumpha ndi chimwemwe. "Wakumana nazo!" anatero mokweza, nkhonya ili m'mwamba. Chimwemwecho chinakhala nthawi ya mpweya umodzi. Kenako maso awo anaona chimene chinali patsogolo pawo: chigalimoto chotseka khomo lawo lomwe, ndi kuseri kwake msewu wopita m'tauni, woyera, wosakhudzidwa, chipale chofika m'chiuno mpaka kumene maso amalekezera.

Chitseko cha chigalimoto chinatseguka. Gordy anatsika movutika, magazi akuyenderera kuchokera pamphumi kulowa m'ndevu, dzanja lamanja likulendewera. Anazungulira kukaona chimene chamugunda. Pakati pa mulu wogumuka panali njanji, yamaliseche, yadzimbiri, yosapindika ngakhale pang'ono. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana nkhalamba imene inkabwera ikusambira m'chipale.

"Bambo Karvonen, ichi mwaika ndinu?"

"Ndi pamalo panga," anayankha a Reino. Mawu anatuluka ouma. "Ukanayenda m'njira yako."

"Pamalo panu, eya." Gordy anapukuta magazi m'maso ndi dzanja lamanzere. "Mayi ali bwanji?"

Funso limenelo linawalasa kuposa chitonzo chilichonse. Gordy sanadikire yankho. Anakwera pachitseko n'kutenga wailesi yake yolankhulirana ndi akuntchito, ndipo a Reino anamva zonse ali chiimire. Zigalimoto zina zinali kutali, zikulimbana ndi msewu waukulu. Chokoka chigalimoto chachikulu chotere sichikanafika tsiku limenelo. Ambulansi ikanatha kufika pamphambano pokha, pamene msewu wa Salo umakumana ndi msewu waukulu, osapitirira pamenepo.

Amene anapulumutsa zinthu anali Waino. Anabwera panjinga yake yamoto yoyenda pachipale, akukoka chileyi chimene amanyamulira nkhuni ndi agwape. Sanapereke moni. Anayang'ana njanji, anayang'ana mnzake, n'kulowa m'nyumba. Awiriwo anawanyamula a Lorraine pampando, atawakulunga m'mabulangete onse a m'nyumbamo, n'kuwagoneka chotsamira pachileyi chonunkha utomoni. Mayi amene moyo wawo wonse sankatuluka pakhomo tsitsi lisanapesedwe anamangidwa ndi zingwe ngati katundu kuti asagwe panjira. Kupuma kwawo kunkamveka ngati madzi akuwira patali.

Polambalala chigalimoto chija, a Lorraine anatulutsa dzanja m'bulangete. Waino anaima. Mayiwo anayang'ana Gordy, amene anakhala pachitseko atagwira phewa. Anayang'ana chidutswa cha pulasitiki chimene chinali pafupi ndi chileyi, chokhala ndi zilembo zimene anamata okha. Kenako maso awo anakwera njanji ija kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kukathera pankhope ya amuna awo.

"Lorraine," anayamba a Reino.

"Tiyeni, a Waino," anatero mayiwo. "Gordy, kwera kumbuyo kwa a Waino, akakuone dokotala."

Panjingapo panalibe malo a munthu wina. A Reino anatsala pamsewu, pambali pa njanji yawo, akumva kulira kwa injini kukuchepa kumunsi.

Anakafika kuchipatala mawa lake, msewu utatsegulidwa. Madzi anali atalowa m'mapapo a a Lorraine, ndipo madokotala anachita kulimbana nawo. Jodi anakumana ndi bambo ake m'khonde, maso ali ofiira.

"Phewa la Gordy lathyoka. Amami akanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina. Mwakondwa, adadi? Mwapambana?"

"Usandiyankhule ngati mwana. Ine ndinateteza katundu wanga. Amako akachira ndikuwatenga, tikupita kwathu. Palibe amene andilande mkazi."

Analowa m'chipinda chifuwa chili patsogolo, monga ankalowera kumalo omwera khofi. A Lorraine anali atatsamira mapilo, timapaipi tili m'mphuno. Ankaoneka aang'ono. Koma maso anali awo omwe aja.

"Palibe amene akukulandani, Reino," anatero, chifukwa anamva zonse. "Ndikupita kwa Jodi ndi miyendo yanga."

"Mpaka chipale chisungunuke basi."

"Ayi. Chipale sindikuchiopa, ndinabadwira momwemo."

"Nanga n'chiyani? Bokosi? Ndigula lina. Ndiika mtengo wofewa, ngati ndi zimene mukufuna. Ndilibwezera m'mbuyo."

"Za njanji ndikanakukhululukirani. Munaizika mu Okutobala, mutapsa mtima, ine ndili bwino. Ndakhala ndi mutu wanuwo zaka zonsezi, ndimaudziwa." Anapuma kaye. "Koma dzulo munali m'chipinda. Munamumva mwana uja akunena kuti atsitsa phiko. Munandimva ine mmene ndinkapumira. Pakamwa munali napo, Reino."

A Reino anafuna kunena za bambo awo amene anazika bokosi loyamba, za mabokosi onse amene anatola m'ngalande, za moni wa Gordy. Zonsezo zinali zitachepa mwadzidzidzi, zosakwana kudzaza supuni.

"Ukwati sindikuthetsa," anapitiriza mayiwo. "Kwa Jodi mukukudziwa, mudzabwera Lamlungu, khofi mudzamwa. Koma ndinkagona m'nyumba ija podziwa kuti tsiku loipa likadzafika, inu mudzasankha ine. Linafika."

Nyengo yozizira imene inatsala inali yaitali. Aboma anabwera kudzajambula njanji, ndipo mlandu wake unayenda mmene milandu imayendera. Gordy atachira anamupatsa msewu wina. Pa msewu wa Salo anaikapo munthu wachilendo, wosadziwa dzina la aliyense, amene ankadutsa pakati penipeni n'kusiya mulu wolimba pakhomo pa a Karvonen monga ankasiyira pakhomo pa wina aliyense. M'mawa uliwonse a Reino ankatuluka ndi fosholo kukagumula muluwo okha, msana ukulira. Apa ndi pamene anadziwa kukula kwa ntchito imene phiko lija linkawagwirira zaka zonsezo. Anthu akawafunsa ankayankhabe mwamphamvu kuti munthu ali ndi ufulu pamalo pake, koma mawuwo ankawanena akuyang'ana kumbali. Mbalame za a Lorraine zinabwera pazenera kwa masabata angapo, kenako zinaleka.

Nthaka itafewa mu Meyi, anaganiza zozula njanji ija. Mwina, ankaganiza, Lorraine akadzamva kuti yachoka adzafewa mtima. Anakumba m'mbali mpaka anapeza simenti, anakulunga unyolo, anaukola kumbuyo kwa galimoto yawo, n'kuponda mafuta. Matayala anazungulira, matope anauluka, galimoto inalira ngati ikuphedwa. Unyolo unaduka n'kuswa nyali yakumbuyo. Njanji sinagwedezeke.

Waino, amene anaima kudzaonerera, anatsitsa galasi.

"Ntchito ya manja ako, Karvonen. Sunawotchererepo chinthu n'kuchoka."

"Pita kwanu."

"Ndikupita. Kwathu kuli munthu wondidikira."

Atanena anazindikira kuti wapyola malire, ndipo anachoka mwakachetechete. A Reino anakhala pansi m'mphepete mwa dzenje, matope ali m'maondo. Madzulo ake anatola chimene chinatsala cha bokosi lija, chong'aluka, chopanda chitseko chimodzi, n'kuchimangirira panjanji ndi waya kuti wamakalata apeze poponya. Mbali imene inali ndi dzina la Lorraine inali itapita ndi madzi a chipale chosungunuka, ndipo makalata a mayiwo anali atayamba kale kupita kwa Jodi.

Mukadutsa msewu wa Salo lero mudzaiona njanjiyo pokhota paja, ili chilili. Palibe chigalimoto chimene chinaigundanso, ndipo palibe chimene chidzaigwetse. A Reino anafuna bokosi losagwa, analipeza. Lamlungu lililonse amavala malaya abwino n'kupita m'tauni kukamwa khofi ndi akazi awo ngati mlendo, dzuwa likapendeka n'kubwerera okha kukayatsa nyali m'nyumba yopanda mawu. Msampha anautchera kuti ugwire Gordy, koma unagwira pakhomo pa wotchera. Akuluakulu sananame pamene anati choipa chitsata mwini.